Phiri la Eni ndi Phiri Lathu

Okondedwa achemwali, alamu ndi nonse kwathu kwa Nchema,

Choyamba ndimve za moyo wanu. Amayi akupeza bwanji ndi bondo lija? Nanga ana? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga. Ndikudziwa kuti kalatayi ikupezani makasu ali m'manja, mukulimbana ndi udzu wa mvula yoyamba, ndiye musaiwerengere kumunda. Mudikire madzulo mutasamba, mutakhala pamphasa, chifukwa nkhani ndabwera nazo zambiri.

Mwina mwadabwa kuti ndikulemba ndili ku Cape Town osati ku Joni. Kuno ntchito zomanga zimatsekedwa pakati pa Disembala, amisiri tonse timapuma mpaka Januwale. Nditatumiza ya feteleza ija, yotsalayo sinakwane ulendo wobwera kumudzi, tsono msuweni wathu wa ku Dunoon kuno ku Cape Town uja anandiimbira nati, "Asuweni, m'malo mongoyang'ana denga, bwerani mudzaone nyanja ya mchere." Komanso mwana wanu wachisamba uja anali atandipatsa kale ntchito pa WhatsApp. Akuti, "Amalume, muzititumizirako zithunzi zooneka bwino, osati za njerwa ndi simenti zokhazokha." Ndiye sabata yonseyi ndakhala ndikusaka malo ojambulirapo monga momwe ana amasakira bowa, ndipo ndapeza kuti nayonso ndi ntchito yofuna nzeru.

Ulendo wake ndi wautali, makilomita pafupifupi 1,400. Basi inanyamuka masana, inayenda usiku wonse. Kutacha tinali m'dera louma lotchedwa Karoo. Achemwali, malo! Mumayenda ola lathunthu osaona mudzi, osaona munda, koma waya wa mpanda ndi nkhosa apo ndi apo. Ndinakumbuka kwathu ku Chiradzulu kumene mzere umodzi wa m'malire umafikitsa anthu kubwalo la amfumu, ndipo mtima unandiwawa pang'ono.

Mukamalowa mumzindawu chimene chimakulonjerani ndi phiri lotchedwa Table Mountain. Pamwamba pake ndi pathyathyathya ngati mmisiri anaikapo levulo, n'chifukwa chake analitcha thebulo. Anthu a kuno amalinyadira kwabasi, lili pa malaya, pa makapu, pa zikwangwani. Nditafufuza ndinapeza kuti msinkhu wake ndi mamita 1,086 kuchokera pa nyanja, pomwe phiri lathu la Chiradzulu ndi mamita 1,773, osanena za Sapitwa wa ku Mulanje amene amafika 3,002. Muwauze anyamata kumeneko kuti phiri limene amangolidutsa osaliyang'ana lija n'lalitali kuposa limene anthu amakwerera ndege kudzaliona. Kungoti la kunoli limayambira m'mphepete mwa madzi penipeni, ndiye limaoneka lonse kuyambira kumapazi mpaka kumutu, pamene lathu linakhala pamtunda wokwera kale.

Tsiku loyamba tinalowa m'tauni n'kuyamba kujambula tili m'tsinde mwake, koma zithunzi zinangotuluka nyumba zosanja ndi kachidutswa ka thanthwe. Msuweni ndiye anandiuza chinsinsi, kuti phirili kuti likwane m'foni uyenera kulithawa. Malo ake ndi Bloubergstrand, gombe la kutsidya kwa doko, kufupi ndi kumene iye amakhala. Tinalawirira mbandakucha pa basi za MyCiTi. Basi zimenezi sizilandira ndalama m'manja, umagunditsa khadi pakamakina, ndipo mulibe kondakitala kapena woitanira. Anthu amakhala chete ngati ali pamaliro a mfumu. Ndinalakalaka minibasi za ku Limbe, momwe umapanikizana ndi dengu la tomato koma pofika pa Nguludi Turn-off wamva kale nkhani zonse za m'dziko. Titafika pagombepo, phiri lonse linali poyera mbee, kutsogolo kwake madzi, mzinda uli m'munsi ngati mikanda yomwazika. Chithunzi chimene mwachikonda chija ndinajambulira pamenepo. Kamera ya foni muziyamba mwaipukuta ndi nsalu, ndipo dzuwa lizikhala kumbuyo kapena kumbali kwa wojambula, mukatero ngakhale foni yotchipa imagwira ntchito.

Kulawirira kuli ndi chifukwa chake. Nyengo ino kuno kulibe mvula, yawo imagwa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, nthawi imene ife timakhala tikunjenjemera ndi chiperoni. Dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku, moti nkhuku za kwathu zikanasokonezeka mutu. Koma kuli chimphepo chochokera kummwera chakum'mawa chimene amachitcha Cape Doctor, akuti chimasesa utsi ndi matenda mumzinda. Chikayamba masana, chipewa gwira, siketi gwira, mchenga m'maso ndi m'makutu. Chimphepocho chimabweretsa mtambo woyera umene umayala pamwamba pa phiri n'kumatsetserekera m'mbali, eni ake amati ndi nsalu ya pathebulo. Ali nayo nthano yake, yoti mkulu wina dzina lake Van Hunks anapikisana ndi mdyerekezi kusuta fodya wa m'kaliwo paphiripo, ndipo mtambowo ndi utsi wawo. Ndinasangalala kumva zimenezi, chifukwa ife tikamakamba za mizimu ya ku Mulanje imene imasiyira alendo chakudya panjira, ena amatiseka. Kani nawonso a m'mizinda ali ndi zawo! Tsiku lina tinadikira mtambowo maola awiri kuti usunthe, ndipo unasunthadi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kukwera phirili kuli pawiri. Kuli chibokosi chagalasi choyenda pa zingwe zachitsulo, chimene chinayamba kunyamula anthu mu 1929. Cha masiku ano chimatenga anthu 65 nthawi imodzi, ndipo pansi pake pamazungulira kuti aliyense aone mbali zonse. Koma tikiti yopita ndi kubwera imaposa R400, mzere wake mu Disembala ndi wonga wa ku chigayo nthawi yokolola, ndipo mphepo ikakula amatseka. Ife tinasankha miyendo. Njira yake ndi ya m'chigwembe chotchedwa Platteklip Gorge, masitepe a miyala okhaokha, ndipo tinatenga maola awiri ndi theka. Mukanaona zovala za anzathu okwera mapiri kuno: nsapato zapadera, ndodo ziwiriziwiri, zikwama zokhala ndi kapaipi koyamwira madzi. Ndinaganiza za amayi a kwathu amene amatsika phiri atavala patapata, mtolo wa nkhuni pamutu, mwana kumbuyo, popanda wowaombera m'manja. Pamwamba tinapeza mbira zonenepa zikuothera dzuwa pamiyala, eni ake amati dassie, ndipo siziopa munthu. Anthu amazigwadira ndi makamera, ndipo kuzipatsa chakudya n'koletsedwa. Msuweni anangondinong'oneza kuti kwathu zikanaonana kale ndi tomato ndi anyezi.

Amene safuna thukuta apite pa Signal Hill, kaphiri kofikako ndi galimoto. Pamenepo, ndi malo ena angapo monga ku V&A Waterfront, anaimika mafelemu aakulu achikasu oti munthu uimemo, phiri lili kumbuyo kwako, chithunzi n'kutuluka ngati cha pakalendala. Sulipira kanthu, koma umaima pamzere. Paphiri lomwelo pali mzinga wakale umene amauwomba 12 koloko masana tsiku lililonse kupatula Lamulungu ndi masiku a tchuthi, mwambo umene unayamba mu 1806. Ukalira, alendo amadzidzimuka, nkhunda zonse phuu, koma eni mzinda amangoyang'ana wotchi n'kupitiriza kuyenda.

M'munsi mwa kaphiri kameneka muli dera limene landikhudza kwambiri, lotchedwa Bo-Kaap. Nyumba zake ndi zogundizana, iliyonse ndi penti yakeyake, ina yobiriwira, ina yachikasu, ina yofiirira ngati chitenje cha pa chinkhoswe, ndipo misewu ina ndi yoyala miyala. Ambiri okhala kumeneko ndi Asilamu, zidzukulu za anthu amene anabwera nawo pa ukapolo kuchokera ku Indonesia, ku India, ku Madagascar ngakhalenso ku Mozambique kwa anansi athu. Mzikiti wawo wa Auwal mu Dorp Street ndi wa 1794, woyamba m'dziko lino. Nditamva kuitanira mapemphero ndinaima kaye, zinali ngati ndili kwathu m'mamawa, mawu akuchokera kumzikiti wa anzathu achiyao. Lamulungu m'mawa amagulitsa koesister, timandasi tonunkhira zokometsera, tonyika m'madzi a shuga n'kuwaza kokonati. Achemwali, mukanalawa mukanafuna kudziwa kaphikidwe kake.

Koma kumeneko ndinaona khalidwe limene silinandisangalatse. Mabasi akatsitsa alendo, ena amangokwera pakhonde la munthu, kutsamira chitseko chake n'kumajambulitsa, osanena n'komwe odi. Nyumbazo si za chionetsero, muli anthu akuphika, akudwazika, akulera ana. Ine ndinapeza gogo wina atakhala pakhonde, ndinamulonjera n'kupempha ngati ndingajambule khoma lake. Anamwetulira, anavomera, n'kundilozera pakona pamene nyumba ndi phiri zimakwanira pamodzi. Ulemu umene amayi anatiphunzitsa wandithandiza kuno kuposa foni yodula. Mukadzabwera mudzapiteko m'mawa, mabasi asanafike.

Pakati pa tauni pali City Hall, ndipo pakhonde lake lam'mwamba ndi pamene Nelson Mandela analankhulira khamu la anthu pa 11 Febuluwale 1990, tsiku limene anatuluka m'ndende. Pano anaikapo chiboliboli chake. Chilumba cha Robben Island, kumene anakhala zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, ndinangochionera patali ndili paphiri, chifukwa matikiti a boti nyengo ino amatha msanga. Nditaima pamenepo, pakati pa anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana, maganizo anga anathawira ku Mbombwe, pa mishoni ya PIM. Ifenso tili ndi malo otere, pakhomo penipeni. Mukudziwa kuti chithunzi chimodzi chojambulidwa kumeneko chinafika mpaka ku London? Mu 1914, a John Chilembwe anajambulitsa pa tchalitchi chawo ataima ndi mmishonale wachizungu John Chorley, chipewa chili kumutu, nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira tchalitchicho chinagwetsedwa ndi boma la atsamunda, koma chithunzicho chinatsala. Mmalawi mnzathu Samson Kambalu anachitenga n'kuumba nacho chiboliboli chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square mu 2022. Wojambula uja akanati achite ulesi tsiku limenelo, tikanataya chinthu chachikulu. Komatu ife ku PIM timakukumbukira pa 15 Januwale pokha, ndipo ana ambiri a m'boma lathu lomwelo amawadziwira a Chilembwe pa ndalama basi. Alamu, tchuthi chino muwatengereko anawo.

Tsiku lomaliza tinakwera sitima ya pamtunda yodutsa m'mphepete mwa nyanja. Ku Muizenberg kuli tinyumba tamatabwa tamitundumitundu tosinthiramo zovala, ku Kalk Bay kuli asodzi ndi nsomba yaitali yotchedwa snoek, yokoma koma yaminga, yosafika pa chambo. Kupitirira Simon's Town, pa Boulders, kuli mbalame zosauluka zotchedwa penguin, zoyenda chilili ngati madikoni atavala masuti. Nkhomaliro inali gatsby, chibuledi chachitali ngati mkono chodzaza tchipisi ndi nyama, chimene chimakhutitsa anthu anayi. Koma mimba yanga ikufuna nkhwani wotendera ndi nsima ya mgaiwa. Ufa wa kuno ndi woyera bwino koma fungo la chimanga mulibe. Mango amagulitsa limodzilimodzi, lililonse ndi kapepala kake komata, pamene kwanuko panopa akuolera pansi pa mtengo. Ngumbi zatuluka kodi? Azakhali muwauze kuti madzi a m'nyanja ya mchere anaitanitsa aja ndatunga botolo lathunthu, abwera ndi galimoto za katundu.

Chinthu chimodzi ndinene mosabisa. Ku Camps Bay ndinaona abale athu akujambulitsa atatsamira galimoto za eni, ndipo ndikudziwa kuti zithunzizo zikupita kumudzi. Sindikuwadzudzula, aliyense amafuna kuti kwawo asamade nkhawa. Koma m'zithunzi ndikutumizazi ndaikamo ziwiri za ku Dunoon kumene ndikugona: tinyumba tamalata tothithikana, mpopi umodzi wa anthu ambiri, mantha a moto mphepo ikamaomba. Pojambula m'misewu foni timaigwira ndi manja awiri, ndipo kumapiri sitipita tokhatokha. Anyamata amene akuganiza zogulitsa mbuzi kuti abwere kuno muwaonetse zonse, za ku Bloubergstrand ndi za ku Dunoon zomwe.

Usiku wathawu ndimawerenga zithunzi m'foni, za phiri la eni ake zokha zapitirira 200. Ndinafufuza mpaka kumapeto, ndipo cha phiri la Chiradzulu ndilibe ngakhale chimodzi. Kale tinkadikira wojambula wa panjinga uja, tonse n'kuvala za kutchalitchi, wina atanyamula wailesi, n'kudikira masabata awiri kuti zithunzi zitsukidwe, koma palibe anaganizapo zoti atembenuzire kamera kuphiri. Ndiye pempho langa nali. Mwana wanu uja adzuke m'mawa tsiku lopanda mitambo, apukute kamera, apite pamtunda poonekera bwino, andijambulire phiri lathu chimanga chili biriwiri kutsogolo kwake. China ajambule amayi atakhala pakhonde, asawauze kuti asinthe zovala, akhale momwe amakhalira masiku onse. Ya bandulo nditumiza Lachisanu.

Moni kwa amayi, kwa azakhali, kwa amfumu ndi onse ofunsa za ine.

Ndine mlongo wanu,
ku Cape Town