Madzi akadzakwera, a mu Tsoka mudzathawira kuti?

Lachiwiri lapitali ndinatsika minibasi pa depoti ya mu Old Town mvula ikuwaza. Ndinkafuna jekete ya kaunjika mu Tsoka, tsono m'malo mozungulira ku mlatho waukulu ndinadutsira pa timilatho tamatabwa tolipira tija. Pansi panga mtsinje wa Lilongwe unali utafiira, ukukokolola majumbo ndi zitsononkho. Thabwa lina linachita kulira nditaponda. Apa mpamene funso linandigwira: madziwa atati akwere pompano, kapena moto utabuka pakati pa mabenchi, chinamtindi chonsechi chingatulukire pati?

Nditawoloka ndinafunsa mayi wina wogulitsa zitenje ngati anauzidwapo kothawira. "Achimwene, ife timangodziwa wodula matikiti basi. Zothawazo tidzaonera pomwepo." Iwo anaseka, ine ayi.

Abale, madzi osefukira si nkhani ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa kokha. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unalowa m'nyumba ku Mtandire ndi ku Area 47 mpaka helikopita ya asilikali kuchita kukapulumutsa anthu. Mu December chaka chomwecho madzi anagwetsa nyumba ku Kaliyeka ndi ku Chipasula, anthu n'kumwalira. Komanso dziwani kuti mtsinje wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama. Chimvula chikhoza kugwa kumeneko kuno dzuwa likuswa mtengo, madzi n'kukupezani mukuwerenga chenji.

Masana ndinakwera minibasi ya ku City Centre, komwe kuli maofesi a khonsolo ndi Capital Hill. Pa pepala zinthu zilipo ndithu. Ngozi ya madzi ya ku Phalombe itachitika mu 1991, dziko lino linapanga lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi chaka chomwecho. Mu 2023, chaka chimene namondwe wa Freddy anakwirira anthu ndi matope ku Chilobwe mu Blantyre, aphungu anavomereza lamulo latsopano. Nthambi ya DoDMA ndiyo imatsogolera ntchitoyi, ndipo khonsolo iyenera kukhala ndi makomiti ake mpaka m'mawodi. Koma pulani imene mayi wa zitenje uja sanaimvepo ingamupulumutse bwanji?

Kuchoka apo ndinayenda wapansi kulowera ku Area 12 ndi Area 10. Koma abale, kunja kuno kuli anthu okhala! Misewu yotakasuka, mapuloti akuluakulu, galimoto ili chile pa geti. Kutagwa ngozi, bwana angoliza galimoto, ana m'kati, ulendo. Sindikuwachitira nsanje ayi. Madera amenewa anajambulidwa bwinobwino pomanga likulu, lomwe linasamukira kuno kuchoka ku Zomba mu 1975. Koma geni yathu inakulira m'mbali mwa mtsinje, benchi pa benchi, kanjira kake koti anthu awiri onyamula mabelo sangapatukirane.

Pulani yothawira si nkhani ya Chizungu chambiri. Ndi mafunso ochepa chabe. Ndani adzaliza wezulo madzi akayamba kukwera? Ndani adzatseka timilatho tija? Anthu a mzere uno adzatulukira mbali iti? Tidzasonkhana pa sukulu, tchalitchi kapena mzikiti uti wa pamtunda? Agogo, olumala ndi amayi oberekera ana adzawagwira dzanja ndani? Nanga galimoto yozimitsa moto idzalowera pati?

Ndinenenso chilungamo, ngakhale chimawawa. Ena mwa inu ndinu amene mumakhoma benchi pakati pa njira usiku, n'kumatayira zinyalala m'ngalande. Ndipo tsiku la ngozi ambiri adzabwerera kukatenga belo, chifukwa mpamba wonse uli mmenemo, mwinanso ndi wa katapira. Mpamba umabwerera, koma munthu wopita ndi madzi sabwerera.

Tsono pa msonkhano wotsatira wa komiti ya msika, wina aimirire afunse atcheya kuti, "Kothawira kwathu n'kuti?" Atcheya akasowa yankho, atengane ndi khansala wa dera lanu mpaka ku khonsolo. Msonkho mumapereka tsiku ndi tsiku, choncho kufunsa ndi ufulu wanu. Mufunse lero, mtsinje usanadzaze.

Jekete ija ndinaigula madzulo, mvula itayambanso. Pobwerera ku depoti ndinazungulira ku mlatho waukulu.