Ku Zanzibar ndidakapeza mavenda a mafilimu

Inu amene mumakaoda katundu ku Kariakoo mumathera pa Dar es Salaam pomwepo. Mukamanga mabelo, basi, ulendo wa ku Songwe. Ine ulendo uno ndidapitirira. Ndidakwera boti padoko la Dar, ndipo patatha maola awiri ndidatsikira ku Stone Town, pachilumba cha Zanzibar, mutu uli waziwazi chifukwa cha mafunde.

Chidandikokera kumeneko ndi chikondwerero cha mafilimu chotchedwa Zanzibar International Film Festival, mwachidule ZIFF, chimene chidayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mafilimu amawaonetsera mu Ngome Kongwe, linga lamiyala limene Aluya a ku Oman adamanga cha m'ma 1700. Denga mulibe. Mumakhala pamasitepe amiyala, kamphepo ka kunyanja kakukupemererani, fungo la nsomba zootcha likuchokera pa Forodhani, msika wa usiku umene uli kutsidya kwa msewu.

Musaganize kuti ndi mafilimu a zibakera aja timaonera m'mavidiyo sho a ku Ndirande kapena kwa Chinsapo. Ayi ndithu. Ambiri ndi a anthu odziyimira paokha, opanda kampani yaikulu kumbuyo. Ina ndi ya mphindi 10 zokha, ina mulibe wolankhula, koma umatuluka ukuilingalirabe. Wopambana amalandira mphoto yotchedwa Golden Dhow, dzina lochokera ku zombo zamatanga za m'nyanja imeneyi.

Usiku wina ndidakhala pafupi ndi mtsikana amene filimu yake yaifupi idali itangoonetsedwa. Adandiuza kuti kamera adachita kubwereka, osewera adali abale ake, ndipo mpamba udachokera ku geni ya zitenje ya mayi ake. Apa mpamene ndidazindikira, abale anga, kuti ameneyu ndi venda ngati inu nomwe. Katundu wake ndi filimu, ZIFF ndiye tsiku lake la msika. Akapanda kupeza wogula kapena womupatsa mpamba wina, geni yagwa.

Kwathu nako alipo otere. Bambo Shemu Joyah, amene ntchito yawo yeniyeni ndi yoyeza malo, adapanga Seasons of a Life mu 2008, ndipo mu 2009 filimuyo idalandira mphoto pachikondwerero chomwechi.

Pobwerera, basi itadutsa Karonga, ndidakumbukira mabenchi athu aja pamene timabena mafilimu ndi nyimbo m'mamemori khadi pamtengo wa zitumbuwa. Ndisaname, nanenso ndidagulapo. Mwini filimu salandirapo ngakhale tambala. Tsono tandiuzani, wina atatenga belo lanu la kaunjika, limene mwalivutikira kuchokera ku Dar, n'kumagulitsa pabenchi loyandikana nalo, inu mungangoyang'ana?