Maina a Bowa Akutha Pamodzi ndi Mitengo

Mabuku odalirika onena za zomera, nyama ndi nthaka ya kwathu ambiri analembedwa m'Chingerezi, koma nzeru zimene zili m'katimo zinachokera m'kamwa mwa anthu oyankhula chinenero chathu. Ndakhala ndikuwerenga ena mwa mabukuwa kwa zaka zingapo, ndipo chimene chimandiimitsa patsamba ndicho dzina la kwathu lolembedwa pambali pa la Chilatini. Nthawi zambiri ndimapeza kuti ndi dzina limene ndinalimva ndili mwana, koma papita zaka ndisanalitchule.

Loyamba ndi la Jessie Williamson, Useful Plants of Nyasaland, limene linasindikizidwa ku Zomba mu 1955 n'kutulukanso mu 1975 ndi dzina loti Useful Plants of Malawi. Muli bonongwe, chisoso, luni ndi denje. Muli masamba ofuna chidulo, masamba oyenera mfutso, makungwa otulutsa luzi ndi mizu ya mankhwala. Mayiyu sanabwere ndi nzeru zimenezi pa sitima. Anazitola kwa amayi a m'midzi amene ankathyola ndiwo ndi kuphika, iye n'kuchita chinthu chimodzi chimene iwo analibe mwayi wochita: kulemba.

Wachiwiri ndi Brian Morris, amene ali mnyamata anagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kenaka anakaphunzitsa pa Goldsmiths ku London. Mu 1987 anatulutsa Common Mushrooms of Malawi, ndipo mu 2004 Insects and Human Life. Iye anaona kanthu kamene ife eni ake timangokadutsa: kwathu liwu loti bowa timalipatsa wodyedwa, pamene wosadyedwa timangomutcha chilombo, liwu lomwe timaitanira fisi. Anaonanso kuti akatswiri enieni a bowa ndi amayi, ndiponso kuti m'maganizo athu bowa ali pafupi ndi nyama kusiyana ndi masamba. Aliyense amene anadyapo utale wothira nsinjiro akhoza kuchitira umboni.

Agogo anga aakazi sankanena kuti akupita kukazula bowa basi. Ankatchula mtundu ndi malo: utale uli pachulu, ndelema ndi manyame zili patsinde pa mombo ndi msuku, mvula ya Disembala ndi Januwale ikalowa bwino pansi. Mabuku amafotokoza chifukwa chake. Utale umalimidwa ndi chiswe m'kati mwa chulu, pamene ndelema ndi manyame zimalumikizana ndi mizu ya mitengo ya miombo: mtengo umapereka chakudya, bowa n'kuthandiza mizu kukoka madzi ndi mchere wa m'nthaka. Choncho wootcha makala akagwetsa mombo, wazulanso bowa wa zaka zonse zikubwerazo. Bulugamu wobzalidwa pamalopo sabweza ndelema. Matondo nawonso amasowa masamba odya.

Apa ndi pamene nkhani ya nkhalango imasanduka nkhani ya chinenero. Liwu limakhala ndi moyo ngati chinthu chake chikuoneka. Ana anga, amene akulira m'tauni, amadziwa liwu limodzi lokha, bowa, ndipo kwa iwo ndi uja woyera wa m'sitolo. Sindingawadzudzule, pakuti phiri limene agogo ankazulako manyame lero ndi zitsa zokhazokha. Mtengo ukatha, dzina lake limatsala m'kamwa mwa okalamba. Okalambawo akapita, limatsala m'buku la Chingerezi lokhala pashelefu ya laibulale ya yunivesite, kumene mayi wogulitsa bowa m'mphepete mwa msewu sadzafikako.

Buku lingathe kusintha zinthu ngati owerenga ake ali anthu omwe nkhaniyo ikuwakhudza. Rachel Carson atatulutsa Silent Spring mu 1962, anthu wamba a ku America anawerenga m'chiyankhulo chawo momwe mankhwala ophera tizilombo ankapululira mbalame, ndipo mu 1972 boma lawo linaletsa kuthira DDT m'minda. Mabuku a Williamson ndi Morris sangagwire ntchito yotero pakati pathu, chifukwa wodula mtengo, wogula makala ndi wozula bowa sakumana nawo. Sindikuwachepetsa olembawo, anasunga zimene zikanatayika. Koma nkhokwe imene makiyi ake ali kwa anthu ochepa sithetsa njala m'mudzi.

Nkhalango ya miombo sidziwa malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891. Imayala kuchokera ku Kasungu kukafika ku Chipata ndi Katete, kutsikira ku Angónia ndi Tete. Maina ndiwo amasintha: zimene ena amati ngumbi, ena amati inswa. Kusiyana kumeneku ndi chuma, komanso kuli ndi ngozi yake, pakuti dzina limodzi lingathe kuimira bowa wosiyana m'madera awiri, ndipo bowa sadyera dzina. Ndiye chifukwa chake kulemba dzina lokha sikokwanira.

Pempho langa nali. Amene muli ndi amayi, azakhali kapena agogo amene akadazulabe bowa, afunseni mvula ya chaka chino isanathe. Lembani dzina monga momwe iwo akulitchulira, mudzi ndi boma, mwezi umene bowayo amamera, mtengo umene amamera pansi pake, maonekedwe ake, kaphikidwe kake, ndi chilombo chimene amafanana nacho. Amene muli ku Harare, ku Johannesburg kapena ku Leeds, foni ilipo. Lembani m'Chichewa kapena m'Chinyanja cha kwanu, osachikonza kuti chifanane ndi cha ku Lilongwe. Tikasonkhanitsa zimenezi kuchokera mbali zonse zitatu za malire, tidzakhala ndi chiyambi cha buku limene agogo omwewo angathe kuwerengeredwa, iwo n'kutikonza pamene taphonya.