Kupambana Kapena Kusiya Wolowa M'malo?

Pa ntchito yomasulira m'misonkhano ya chitukuko pali mawu ena a Chingerezi amene amaoneka opepuka koma amasenza katundu wolemera. Limodzi mwa mawu otere ndi lakuti "succeed". Liwuli silisowa m'malipoti a mabungwe, m'zolankhula za alendo olemekezeka ndiponso m'makalata opempha thandizo. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva omasulira akulitembenuza kuti "kupambana". Kumasulira kumeneku si kolakwika kwenikweni, koma kumasiya kunja theka la tanthauzo, ndipo theka lotsalalo ndi limene limakhudza kwambiri alimi ndi alangizi.

Chingerezi chili ndi mawu angapo amene ife timawaunjika m'dengu limodzi. Liwu lakuti "win" limafuna mdani: pa mpira, pa chisankho kapena pa mlandu, wina akasangalala wina amalira. Lakuti "pass" ndi la mayeso, ndipo ife timati kukhoza. Lakuti "prosper" limanena za kulemera ndi kukhala pabwino. Koma "succeed" silifuna wogonja, silifuna mphunzitsi wochonga, ndipo silifuna chuma. Limangonena kuti chimene munthu anachifuna chatheka. Mayi amene wakwanitsa kudyetsa ana ake mpaka kukolola kwina, osagulitsa mbuzi, wachita chimene liwuli likunena, ngakhale kuti sanapose mnzake aliyense.

M'Chichewa, kupambana kumayenda limodzi ndi kuposa. Timati munda uwu ukupambana uwo, kapena kuti mwana uyu wapambana anzake. Choncho mlendo akanena kuti ntchito ya m'mudzi "yapambana", anthu amamva ngati panali mpikisano. Ndinaonapo mlimi wachitsanzo akuyamikiridwa ndi mawu amenewa pamaso pa mudzi wonse. Iye anapita kwawo ali wokondwa, koma anzake anachoka pabwalo akudzimva ngati ogonja, ndipo m'miyezi yotsatira ochepa okha ndi amene anapita kukaphunzira kumunda kwake. Mlendoyo sanafune kugawa anthu. Liwu limodzi ndi limene linawagawa.

Tanthauzo lachiwiri la "succeed" ndi lozama koposa. Liwuli linachokera ku Chilatini, ku mawu akuti "succedere", otanthauza kubwera pambuyo pa wina. Mpaka lero Angerezi amaligwiritsa ntchito ponena za kulowa m'malo. Mfumukazi Elizabeth II itamwalira mu 2022, mwana wake Charles III analowa ufumu, ndipo nyuzipepala za ku London zinalemba ndi liwu lomweli. Achewa amaidziwa bwino nkhani imeneyi, pakuti mwa mwambo wawo ufumu umatsata kuchikazi, ndipo kawirikawiri mwana wa mlongo wa mfumu ndiye amalowa dzina. Motero m'Chingerezi, liwu lonena za ntchito yotheka ndi liwu lonena za wolowa m'malo ndi mphukira za tsinde limodzi. Kwa ine phunziro lake ndi lakuti ntchito yatheka pamene yapeza woilandira.

Taganizirani za mjigo. Mjigo wa mtundu wa Afridev, umene umapezeka m'midzi yambiri ya m'chigawo chino, unayamba kupangidwa ku Malawi kumayambiriro a zaka za m'ma 1980. Cholinga cha amisiri ake chinali chakuti anthu a m'mudzi azitha kutulutsa ndodo zake ndi kusintha timphira totha pogwiritsa ntchito zida zochepa, osadikira munthu wochokera ku boma. Yerekezani ndi PlayPump, mpope wokhala ngati chozungulira chosewerapo ana. Mu 2006 boma la United States pamodzi ndi mabungwe ena linalonjeza madola 16.4 miliyoni kuti mipope imeneyi ifalikire m'mayiko a mu Africa. Pofika 2010 atolankhani anapeza ina itafa ku Mozambique, anthu akulephera kuikonza okha, ndipo m'malo ena amayi ndi amene ankavutika kuzunguza chifukwa ana sakanasewera tsiku lonse. Mpopewu unapambana pa kutchuka, koma unasowa olowa m'malo.

Ndikudziwa midzi iwiri yoyandikana imene inalandira mijigo m'chaka chimodzi. Pa tsiku lopereka, konse kuwiri kunali ng'oma ndi nthungululu, ndipo malipoti analembedwa kuti ntchito yayenda bwino. Pa mudzi woyamba munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa kukonza, ndipo atapita kukafuna ntchito ku Johannesburg, amayi anabwerera kumtsinje. Pa mudzi wachiwiri panali mayi wina wa m'komiti amene nthawi iliyonse yokonza ankaitana achinyamata. Ndinamumva akuuza mdzukulu wake kuti, "Gwira sipanalayi, mwanawe, ine sindidzakhalapo masiku onse." Mtsikanayo anayankha kuti, "Agogo, ndionetseninso pomasulira paja." Mjigo umenewo ndinausiya ukutulutsa madzi.

Alimi amaidziwa nzeru imeneyi kuposa olemba malipoti. Palibe mlimi wanzeru amene amati chaka chamuyendera ngati wadya ndi mbewu yomwe. Mbatata yofiira m'kati, imene imathandiza kupewa kuchepa kwa vitamini A m'thupi, inabweretsa mphoto ya World Food Prize mu 2016 kwa akatswiri angapo, mmodzi mwa iwo Maria Andrade, amene wagwira ntchito yake zaka zambiri ku Mozambique. Mphotoyo ndi "win". Koma m'mudzi funso ndi lina: kodi mbewu ya mbatatayo idutsa chilimwe? Ngati palibe amene waisunga kudimba ndi kuiteteza ku mbuzi, mvula yoyamba idzapeza anthu ali manja lende, akudikira galimoto ya bungwe. N'chimodzimodzi ndi banki m'khonde, njira imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991. Gulu limadziwika mphamvu zake likagawana ndalama kumapeto a chaka ndi kuyambiranso lokha, mlangizi atachoka.

Choncho anzanga alangizi, pomasulira liwuli tiyambe tafunsa chimene wolankhula akutanthauza. Ngati panalidi mpikisano, tinene kuti kupambana. Ngati cholinga chakwaniritsidwa, tinene kuti zatheka kapena zayenda bwino, kuti wina asadzimve wogonja. Ndipo tisanalembe m'lipoti kuti ntchito yatheka, tidzifunse mafunso atatu. Kodi ndani wina amene akudziwa kugwira ntchitoyi kupatula mtsogoleri? Kodi zipangizo ndi mbewu zikupezeka pafupi, pa mtengo umene anthu angakwanitse? Kodi m'thumba la komiti muli kanthu kogulira chimene chingawonongeke mawa?

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Tingawonjezere kuti m'badwo umodzi susenza chitukuko. Tsiku lodula riboni limangotiuza kuti ntchito yayamba. Umboni weniweni umadza zaka zisanu pambuyo pake, pamene mwana amene sanaone n'komwe alendo aja akutunga madzi pa mjigo wokonzedwa ndi anthu a kwawo.