Ayezi akhale kunja kwa botolo

Abale anga, ndikamaliza kupikula mabulangete ku Marabastad, dzuwa la Disembala likuswa mtengo, nanenso ndimafuna Black Label wozizira. Koma magetsi akathima kuno ku Pretoria, wina n'kundiponyera ayezi m'tambula, ndimakana.

Kusukuluka kwa mowa ndi nkhani yaing'ono. Ayeziyo anapangidwa ndi madzi ati? Kumbukirani kolera ya ku Hammanskraal mu Meyi 2023, pamsewu wathu womwewu wopita ku Beitbridge. Kuundana sikupha tizilombo tonse. Mukatsekula m'mimba pa boda, katundu wa eni akuyang'anirani ndani?

Ine ayezi ndimathira m'ndowa, kuwazamo mchere, n'kuviika botolo losatsekula. Limazizira msanga.

Inu a mathiraki, ayezi sachepetsa mowa m'magazi. Malire anu kuno ndi 0.02.