Mutu Umodzi Susenza Denga: Phunziro la ku Kitintale

Mwambi wathu lero ndi uja woti mutu umodzi susenza denga. Ndifuna tiuyese pa chinthu chimene makolo athu sanachione, ndicho bwalo la skateboard, pakuti mwambi umene sungathe kuunikira za lero ndi nkhwangwa yopanda mpini.

Kwa amene simuidziwa, skateboard ndi kathabwa kokhala ndi timatayala tinayi. Mwana amaimirirapo, nakankha pansi ndi mwendo umodzi, kenako n'kumatsetsereka ndi kudumpha. Masewerawa adayambira ku California, ndipo adalowa m'mipikisano ya Olimpiki ku Tokyo mu 2021, kumene mtsikana wa ku Japan wa zaka 13, Momiji Nishiya, adapata mendulo ya golide. Vuto lake n'lakuti timatayala timeneti sitiyenda pa fumbi. Timafuna simenti yosalala, ndipo kumene kulibe bwalo, ana amathamangira pamsewu wa tala, kukalimbana ndi magalimoto. Apa pali moyo wa mwana, choncho nkhaniyi si yachibwana.

Ku Uganda, m'dera la Kitintale mumzinda wa Kampala, achinyamata sanadikire boma. Mu 2006 Jackson Mubiru, pamodzi ndi mnzake wa ku South Africa, Shael Swart, adasonkhanitsa anzawo namanga bwalo ndi manja awo, ndi njerwa ndi simenti. Limenelo ndilo limadziwika kuti ndi bwalo loyamba la masewerawa kum'mawa kwa Africa. Alendo ndi mphatso zawo adabwera pambuyo, atamva kuti kuli ana amene adziyambira okha. Ku Ethiopia nako, gulu la Ethiopia Skate lidayamba ndi ana osewera pamalo oimika magalimoto mu Addis Ababa. Mu 2016 bungwe la Make Life Skate Life lidawathandiza kumanga bwalo lenileni ndi ndalama zimene anthu wamba adasonkha kudzera pa intaneti, ndipo ana eni ake adagwira nawo ntchitoyo. Taonani mmene zinthu zidatsatirana konseku: osewera adayamba, thandizo lidatsatira.

Ine zimenezi sizindidabwitsa, pakuti ndiwo mwambo wa dima. Kale munthu munda ukamukulira, ankafulula mowa kapena thobwa naitana anzake. Iwo ankalima akuimba, podziwa kuti mawa dima lidzakhala kwawo. Koma kumbukirani mawu akuti thangata. Poyamba ankatanthauza kuthandizana, koma m'minda ya atsamunda adasanduka ntchito yokakamiza, imene inali chimodzi mwa zodandaula za John Chilembwe ndi anthu ake mu 1915. Khasu ndi lomwelo, thukuta ndi lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa dima munthu amafunsidwa, pa thangata amalamulidwa. Ntchito ya chitukuko iliyonse imagwera mbali imodzi mwa ziwirizi.

Pa zaka zanga za uhedimasitala ndidaziona zonse ziwiri. M'zaka za m'ma 1990, pamene MASAF inkathandiza midzi kumanga makalasi, makolo ankaumba njerwa ndi kututa mchenga. Kalasi yotereyi mwana akalemba pakhoma ndi khala, agogo ake ndiwo ankayamba kumudzudzula, chifukwa msana udali ukuwawabe ndi mchenga uja. Koma ndidaonanso nyumba ina yokongola imene anthu akufuna kwabwino adangotisiyira osafunsa munthu. Chaka chisanathe, magalasi a mawindo anali atasweka, ndipo panalibe amene adamva kupweteka.

Tsono mudzi kapena tauni ikafuna bwalo la skateboard, ndikanalangiza zinthu zinayi. Choyamba, funsani ana. Safunsa adadya phula, ndipo ife akuluakulu tikhoza kuwononga matumba a simenti pomanga chinthu chokongola m'maso koma chosaseweredwa. Ana ndiwo adziwa kutsetsereka koyenera. Funsaninso atsikana ndi ongoyamba kumene, kuti bwalo lisakhale la akatswiri okha. Chachiwiri, malo akhale ndi chilolezo cholembedwa, kuchokera kwa mfumu kapena ku khonsolo, ndipo asakhale m'dambo, chifukwa madzi akamadikha simenti imang'aluka. Muwafunsenso oyandikana nawo, popeza masewerawa ali ndi phokoso. Chachitatu, ndalama zikhale poyera. Komiti ikhale ndi msungichuma, ndipo pamsonkhano uliwonse aziwerenga zolowa ndi zotuluka. Wopanda ndalama apereke mchenga, miyala, madzi kapena tsiku la ntchito, ndipo dzina lake lilembedwe m'kaundula yemweyo ndi wopereka ndalama zambiri. Chachinayi, walira mvula walira matope: bwalo lidzafuna wosesa, wokonza ming'alu, ndiponso matabwa obwereketsa kwa ana amene makolo awo sangathe kugula. Zimenezi zikambidwe thumba loyamba la simenti lisanatsegulidwe.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti, “Aphunzitsi, tilibe mjigo, zipatala zilibe mankhwala, inu mukukamba za kathabwa?” Funso limeneli n'lolemera, ndipo kumene madzi akumwa kulibe, mjigo uyambe ndithu. Komabe makolo athu, ngakhale m'zaka za njala, sankalima pabwalo la mudzi. Ankalisiya kuti mwezi ukawala ana avine chitelera, asewere chipako, ndipo akuluakulu aziwaona ali pafupi. Ankadziwa kuti mwana wosowa posewera amakasewera pamalo pamene diso la mkulu silifika. Masewera asintha, koma kufunika kwa bwalo sikudasinthe.

Inu adzukulu amene muli m'matauni, kaya kuno kwathu kaya kunja, mukamva kuti m'dera lanu mwaitanidwa msonkhano wokonza bwalo la ana, pitaniko ngakhale mulibe mwana wosewera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukafika, musayambe ndi kufunsa kuti ndalama zichokera kuti. Yambani mwafunsa ngati ana aitanidwa, ndipo ngati sanaitanidwe, pemphani kuti msonkhano udikire kufikira atabwera.

Tsalani bwino, tidzachezanso pa mwambi wina.