Thuu Amene Ndinamuona pa Chapananga

Mwezi wa February chaka cha 2022 ndinapita kwathu ku Chapananga kukazonda amalume. Namondwe Ana anali atangodutsa kumene m'chigwa cha Shire kumapeto kwa January, ndipo mlatho wa mamita 180 wa pa mtsinje wa Mwanza, womwe tinkaunyadira ife a ku Chikwawa, unali utaduka. Ndinaoloka nsapato zili m'manja, thalauzi nditapinda. Amalume ndinawapeza ali moyo, koma khoma limodzi la nyumba yawo linali pansi. Anali atagulitsa mbuzi kuti agule chimanga.

Masana a tsiku lachitatu, dzuwa likuswa mtengo monga lichitira kuchigwa, tinakhala pansi pa mtengo wa nimu ndi anyamata a kabaza omwe ntchito inali itawaimira. Wina anayala thumba, natulutsa makhadi othetheka m'mbali. Ndisakunamizeni awerengi, inali njuga. Aliyense amalandira makhadi atatu obisika, n'kumaponya ndalama pakati. Wamantha amataya makhadi ake, ndipo otsala amaonetsana kuti wamkulu atole zonse. Mphamvu ya masewerawa ili pa nkhope, pakuti munthu wa makhadi achabechabe angathe kuthamangitsa anzake ndi matama okha.

Mnyamata wogawa uja akuponya khadi lachitatu la amalume, kamphepo kanalitukula pang'ono lisanagwe. Ena onse maso anali pa ndalama. Ine ndekha ndinaliona: thuu wa mtima, khadi lopanda ntchito. Pakamwa panga panatseguka, kenaka panatsekeka.

Amalume anayamba kuonjezera ndalama ngati munthu wofumbata maeyisi atatu, uku akuimba mluzu. Anyamata aja anataya makhadi mmodzimmodzi. Ine ndinali ndi makwini awiri, makhadi oti tsiku lina ndikadathawa nawo, koma poti ndimadziwa za thuu uja ndinakakamira. Poonetsana, amalume analibe kanthu. Ndinakokolola K9,000, yambiri mwa iyo ili ya mbuzi ija, anyamata akundiombera m'manja kuti a m'tauni ndi ochenjera.

Kumaiko komwe amasewera poker, masewera a makhadi 52 omwe amayendanso ndi matama chomwechi, nkhani yotere anaiikira malamulo kalekale. Mu mtundu wotchuka wa Texas Hold'em aliyense amalandira makhadi awiri obisika. Malamulo amene anasonkhanitsa Bob Ciaffone wa ku America m'buku la Robert's Rules of Poker amati khadi loyamba kapena lachiwiri likaoneka pogawa, onse abweze, agawenso. Likaoneka lina limodzi m'kati mwa kugawa, wogawa amapitiriza, kenaka amaonetsa khadilo kwa onse, n'kupatsa mwini wake lina. Akaoneka awiri, ayambirenso. Koma ngati mwini wake walionetsa yekha mosasamala, limakhala lake ndithu, chifukwa kuteteza makhadi ndi udindo wa wosewera. Palinso lamulo loti ukaonetsa mmodzi, waonetsa onse.

Malamulo onsewa akuteteza chinthu chimodzi: pabwalo pasakhale munthu wodziwa zomwe anzake alibe mwayi wozidziwa. Koma wogawa sangalowe m'diso la munthu. Khadi likaphethira ngati lija la amalume, palibe lamulo lingagwire ntchito pokhapokha woliona atanena yekha kuti, "Imani, ndaliona." Apa ndiye pomwe buku limathera, ulemu n'kuyambira.

Amalume sanaliwerengepo bukulo, koma usiku tikudya nsima ya therere anandiyang'ana nati, "Mphwanga, thuu uja unamuona."

Mbamu inandiima pakhosi. Ndinati, "Amalume, inetu sindinasuzumire. Inali mphepo."

"Mphepo sindikuiimba mlandu. Diso nalonso silipempha chilolezo. Ine ndikufunsa za pakamwa pako. Kuno khadi likaoneka timati lafa, aliyense alione, mwini wake apatsidwe lina. Ana a kabaza aja amadziwa zimenezo. Iwe wa dipuloma sudziwa?"

Ndinafunsa chifukwa chomwe anapitirizira kuponya ndalama chikhalirecho anaona maso anga. Anati amayembekeza kuti mwana wa mlongo wawo alankhula. Pa ndalama iliyonse yomwe amaonjezera amandipatsa mpata wina, ndipo ine ndimaudya.

Ndinatulutsa ndalama zija n'kuziika pamphasa. Anazikankha ndi chala. "Unazitola pamaso pa anthu. Usandibwezere mumdima ngati wakuba nkhuku. Komanso si zanga ndekha, anyamata aja anaponyamo zawo."

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ntchito yanga ndi yolemba nkhani, ndipo timadya za m'maso ndi m'makutu: kalata yosiyidwa pa tebulo, mawu otuluka mwangozi munthu ataiwala kuti pali mtolankhani. Ndinali nditazolowera kuganiza kuti chimene ndaona mwangozi ndi mphatso yanga. Sindinadzifunsepo kuti mwini wake akudziwa kapena ayi kuti ndaona.

M'mawa ndinabwerera pansi pa nimu paja, ndipo ndinanena zonse, mawu akunjenjemera ngati mwana wa sukulu. Anyamata anayamba aseka mpaka kugwira m'mimba. Kenaka wamkulu wawo anawerenga ndalama zija n'kubwezera aliyense zomwe anaponya, zanga zomwe. Anagamula kuti masewera aja afa, ndipo chilango changa n'chakuti tsiku lonselo ndikhale wogawa, osasewera.

Ndinagawa mpaka dzuwa kupendeka, manja ali pansipansi kuopa mphepo. Kawiri konse khadi linanditembenukira, ndipo kawiri konse ndinalikweza m'mwamba kuti aliyense alione. Amalume analuza K500 tsiku limenelo, mwachilungamo, ndipo popita kunyumba amaimbabe mluzu.